Mlandu wa ku Dordrecht

M'mawa wa pa 13 May, caka ca 1619, khamu la anthu linasonkhana pa bwalo la nyumba za boma mumzinda wa The Hague, m'dziko la Adachi, kudzaona imfa ya nkhalamba ya zaka 71. Amisiri anali atakhoma nsanja ya matabwa patsogolo pa nyumba yaikulu ya misonkhano. Nkhalambayo inatulukira pansanjapo itatsamira ndodo, niuza anthu aja kuti asakhulupirire kuti iyo inapereka dziko lace kwa adani. Itatero inagwada, nipempha mwini lupanga kuti asacedwe nayo nchito yace. Dzina lace linali Johan van Oldenbarnevelt. Kwa zaka 33 iyeyu ndiye anali nduna yaikulu ya cigawo ca Holland, ndipo panalibe cinthu cacikulu cimene cinacitika m'dzikomo iye osacidziwa.

Munthuyu sanabe cuma ca boma, ndiponso sanaphe munthu. Mwa milandu imene oweruza 24 anamwerengera m'mawa umenewo, wina unali wakuti anasautsa mpingo wa Mulungu. Sabata imodzi m'mbuyo mwace, mumzinda wa Dordrecht, abusa anali atawerenga poyera cigamulo ca msonkhano wao waukulu pa funso ili: kodi munthu ali nao ufulu wa kulandira kapena kukana cisomo ca Mulungu, kapena zonse zinakonzedweratu iye asanabadwe? Funso lotere liyenera aphunzitsi ndi ophunzira ao m'sukulu. Nanga linafika bwanji pa khosi la nduna ya dziko?

Funsolo si la Azungu okha ai. Pamaliro anthu atonthozana ndi mau akuti linali tsiku lace, palibe akadaliletsa. Koma anthu omwewo akakhala pabwalo la milandu salola wakuba mbuzi kunena kuti linali tsiku lace la kuba. Amlipiritsa, cifukwa akhulupirira kuti akadatha kuisiya mbuziyo m'khola la mwini wace. Maganizo awiriwa akhalira pamodzi mumtima mwa munthu mmodzi popanda kukangana, kufikira atabwera wophunzira amene afuna kuti limodzi ligonjere linzace.

Mumpingo wa Cikristu mkanganowu ngwakale. Pafupi ndi caka ca 400 kunali ku Rome munthu wa ku Britain dzina lace Pelagius, amene anakhumudwa poona ulesi wa Akristu a kumeneko, naphunzitsa kuti Mulungu sangalamule cinthu cimene munthu alibe mphamvu ya kucicita. Anamtsutsa Augustine, bishopu wa ku Hippo, mzinda wa kumpoto kwa Africa umene lero uchedwa Annaba. Iye anati cifuniro ca munthu cinapindika ndi ucimo, ndipo cingaongoke pokhapo Mulungu ataciongola. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unakana ciphunzitso ca Pelagius. Patapita zaka zoposa 1,100 Erasmus wa ku Rotterdam analemba kabuku mu 1524 koikira kumbuyo ufulu wa cifuniro, ndipo Martin Luther anamyankha mwaukali mu 1525 kuti cifuniro ca munthu ciri mu ukapolo. John Calvin wa ku Geneva ananena mosabisa kuti Mulungu, dziko lisanalengedwe, anasankhiratu ena kumka ku moyo ndi ena ku citayiko, osati cifukwa ca kanthu kamene anaona mwa iwo, koma mwa cifuniro cace cokha. Ciphunzitso ca Calvin ndico cinalowa m'mipingo ya Adachi pa zaka zimene iwo anali kumenya nkhondo ya kudzimasula kwa mfumu ya ku Spain, nkhondo imene inayamba mu 1568.

Nkhondo imeneyo inamkhudza Jacobus Arminius akali mnyamata. Atate wace anamwalira iye ali khanda, ndipo anaphunzira ndi cifundo ca anthu ena. Mu August 1575, iye ali kusukulu ku Marburg m'dziko la Germany, asilikari a ku Spain analowa mumzinda wa kwao wa Oudewater napha anthu ambiri. Amace ndi abale ace anafera momwemo. Anaphunzira pa sukulu yaikulu ya ku Leiden, imene inatsegulidwa caka comweco, napitirira ku Geneva kukakhala pa mapazi a Theodore Beza, wolowa m'malo mwa Calvin. Mu 1588 anadzozedwa kukhala mbusa ku Amsterdam. Cotero sanali mlendo pa ciphunzitso ca kusankhiratu. Anacitunga pa gwero lace penipeni. Koma polalikira kalata ya Paulo ya kwa Aroma, makamaka mutu 7 ndi mutu 9, anayamba kumasulira mosiyana ndi anzace, ndipo kunabuka madandaulo. Pa mliri woopsa wa mu 1602 sanathawe mumzinda, koma anayendera odwala, napeza ena mwa iwo alikubvutika ndi mantha a mumtima koposa ndi nthenda ya m'thupi, popeza sanali kumva citsimikizo cakuti macimo ao akhululukidwa. Mliri womwewo unapha aphunzitsi awiri a za Mulungu ku Leiden, ndipo mu 1603 Arminius anaitanidwa kukatenga mpando umodzi. Kumeneko anakomana ndi Franciscus Gomarus, munthu wa ku Bruges, amene banja lace linathawa kwao cifukwa ca cikhulupiriro. Onse awiri anali ana a cisautso cimodzi, ndipo onse awiri anali odziwa Malembo kwambiri.

Kawirikawiri anthu aganiza kuti Arminius anaphunzitsa kuti munthu angadzipulumutse yekha. Si tero ai. Iye anabvomerezana ndi Augustine kuti popanda cisomo munthu sangathe ngakhale kulakalaka cabwino. Pamene anapatukira mpocepa, koma mpakuya: anati cisomoco cidza kwa munthu monga kuitana, cimpatsa mphamvu ya kuyankha, koma sicimkakamiza, munthu angathe kucikana. Anafanizira ndi munthu wacuma wopatsa mphatso wopemphapempha. Wosaukayo atambasula dzanja lace kulandira. Kodi kutambasula dzanjako kusandutsa mphatso kukhala malipiro? Za kusankhiratu anati Mulungu anasankha iwo amene anawadziwiratu kuti adzakhulupirira, ndi kuti kudziwiratu cinthu sindiko kucicititsa. Cifanizo cace ca kuno cingakhale ca munthu woima pamwamba pa culu, amene aona wapaulendo alikulunjika ku mlatho wothyoka, nadziwa ndithu kuti akagwa, koma si iye amene amgwetsa. Cimene cinamuopsa Arminius koposa zonse ndi ici: ngati Mulungu anakonzeratu kuti munthu wakutiwakuti adzacimwa ndi kutayika, ndipo munthuyo sakadatha kucita mwina, ndiye kuti mwini chimo ndi Mulungu, ndipo ciweruzo cace cifanana ndi ca mfumu imene imanga munthu miyendo nimlanga cifukwa sanathamange.

Mayankho a mbali ya Gomarus sanali opepuka, ndipo wowerenga asafulumire kuwataya. Za wopemphapempha uja funso lao nlakuti: akakhala awiri, wina natambasula dzanja, wina nakana, cawasiyanitsa nciani? Ngati ndi nzeru kapena kufatsa kwa woyambayo, ndiye kuti wopulumuka ali naco codzitamandira pamaso pa mnzace, ndipo cisomo siciri cisomo cokha. Ndiponso Malembo sanena kuti wocimwa ngwodwala cabe, koma kuti ngwakufa; nanga mtembo utambasula dzanja? Za munthu wa paculu uja, iye sanalenge wapaulendoyo, kapena njira, kapena mlatho. Koma Mulungu analenga zonse alikudziwa mathero ace, cotero kudziwiratu kwace sikungaikidwe kutali ndi kufuna kwace. Pamenepa Arminius sanacoke m'bvuto limene anafuna kulithawa, analisunthira patsogolo pang'ono cabe. Komatu cimene cinawagwira mtima anthu wamba a mbali ya Gomarus sicinali kucenjera kwa mayankhowa. Cinali citonthozo. Anthu amene anaona mizinda yao itatenthedwa ndi abale ao ataphedwa anafuna cipulumutso cosadalira mtima wao, umene lero ulimba mawa nufooka. Kwa iwo, kunena kuti munthu angakane cisomo, kapena kucitaya atacilandira, kunali monga kuuza mwana wa kumbuyo kuti adzigwirire yekha pamene amace alikuoloka mtsinje wodzala.

Mu 1604 aphunzitsi awiriwa anatsutsana poyera pamaso pa ophunzira, ndipo mkangano unatuluka m'sukulu nulowa m'machalichi, m'misika ndi m'mabwato a apaulendo. Mu 1608 anaitanidwa ku bwalo lalikulu la milandu ku The Hague. Akulu a boma atamva mbali zonse anati kusiyanako nkwakung'ono, anthu angathe kupirirana. Koma Gomarus anayankha kuti iye sakadalimba mtima kuima pamaso pa Mulungu woweruza ali ndi maganizo a mnzaceyo, nacenjeza kuti nkhaniyi idzautsa cigawo pa cigawo cinzace, mpingo pa mpingo, mzinda pa mzinda. Pa cenjezo limeneli sanaphonye. Arminius anali atayamba kale kudwala cifuwa cacikulu, ndipo anamwalira pa 19 October 1609. Caka cotsatira abusa oposa 40 a maganizo ace, mtsogoleri wao Johannes Uytenbogaert, anapereka kwa akulu a cigawo ca Holland cikalata ca mitu 5 cofotokoza cikhulupiriro cao ndi kupempha citetezo. Cikalataco cinachedwa Remonstrantie, ndiko kuti cidandaulo, ndipo eni ace anachedwa Odandaula.

Apa pali cinthu cimene ofotokoza nkhaniyi kawirikawiri acilumpha. Odandaula anali ocepa pakati pa abusa, ndipo anadziwa kuti msonkhano wa mpingo ukakhala adzagonja. Cifukwa cace anathawira ku boma, naphunzitsa kuti akulu a dziko ali ndi ulamuliro pa mpingo: pa kuika abusa, pa kuitana misonkhano kapena kuiletsa, ndi pa kunena zoyenera kulalikidwa. Oldenbarnevelt analandira ciphunzitso cimeneci ndi manja awiri. Cimene iye anafuna ndi mtendere m'mizinda ya malonda, ndi kuti abusa asakhale boma laciwiri m'dziko. Mu 1609 anali atapangana ndi Spain kuleka nkhondo zaka 12, ndipo sanafune kuti nkhondo yoleka kunja iyambike m'nyumba. Mu 1614 akulu a Holland anakhazikitsa lamulo, lolembedwa ndi katswiri wa malamulo Hugo Grotius, loletsa abusa kukangana za nkhaniyi pagome. Linachedwa lamulo la mtendere, koma mtendere wace unali wa kutseka pakamwa. Ku Rotterdam mbusa Cornelis Geselius anali atapitikitsidwa kale mumzinda mu 1612 cifukwa ca kukana kugonja; ku The Hague mbusa Henricus Rosaeus anaimitsidwa nchito mu 1616. Akristu ao analeka kulowa m'machalichi a mumzinda, namayenda pansi tsiku la Sabata, m'mvula ndi m'matope, kukamva mlaliki wa kumtima kwao kumidzi. Adani ao anawapatsa dzina lacipongwe lakuti opemphapempha a m'matope, ndipo m'madera ena boma linaopseza kulipiritsa ali yense wosonkhanitsa anthu padera.

Cotero zinthu zinaima cozondoka. Iwo amene anaphunzitsa kuti munthu ali mfulu pamaso pa Mulungu anafuna kuti mpingo ukhale pansi pa ndodo ya boma, ndipo iwo amene anaphunzitsa kuti munthu alibe ufulu wa kukana Mulungu ndiwo anaonetsa ufulu waukulu wa kukana akulu a mzinda. Sicodabwitsa kwenikweni, pakuti munthu wokhulupirira kuti dzina lace linalembedwa kumwamba dziko lisanakhale saopa kwambiri kalata ya kwa mlembi wa boma. Koma nawonso sanali ofatsa kumene anali ambiri. Ku Amsterdam khamu la anthu linathyola ndi kufunkha nyumba ya wamalonda wina wa Odandaula mu February 1617, akulu a mzinda osafulumira kuletsa.

Panatsala munthu mmodzi amene anali asanaonetse mbali yace, ndiye Maurice wa ku Nassau, mwana wa William wa ku Orange, kazembe wamkulu wa asilikari. Zimanenedwa kuti iye anati sadziwa ngati kusankhiratu nkobiriwira kapena nkwa mtundu wina. Koma anadziwa bwino kuti pangano la 1609 linamcepetsa mphamvu, ndipo anamganizira Oldenbarnevelt kuti alikukondera Spain. Pa 23 July 1617 anapita ndi gulu lalikulu la omperekeza kukapemphera ku Kloosterkerk, chalichi cimene otsata Gomarus anali atalanda masiku ocepa m'mbuyomo. Dziko lonse linamva cimene ulendo waufupi umenewo unatanthauza. Oldenbarnevelt anayankha pa 4 August ndi lamulo limene anthu analicha Lakuthwa: Holland anakana msonkhano wa mpingo wa dziko lonse, mizinda inaloledwa kulemba asilikari aoao, ndipo asilikari olipidwa ndi Holland anauzidwa kumvera akulu a cigawo ndi a mizinda. Pa malamulo anali napo poima, pakuti pangano la Utrecht la 1579, limene linalumikiza zigawozo, linasiya nkhani za cipembedzo m'manja mwa cigawo ciri conse. Koma dziko limodzi silingasunge magulu awiri a nkhondo osamverana. Pa 31 July 1618 Maurice analanda zida asilikari a mzinda wa Utrecht popanda kukhetsa mwazi; pa 29 August Oldenbarnevelt ndi Grotius anagwidwa; ndipo pambuyo pace kazembeyo anayenda mzinda ndi mzinda m'Holland kucotsa akulu okondera Odandaula ndi kuika ena.

Msonkhano wa ku Dordrecht unatsegulidwa pa 13 November 1618, mlandu utaweruzidwa kale ndi asilikari. Unali msonkhano waulemu ndithu. Kuonjezera pa abusa, akulu a mpingo ndi aphunzitsi a Adachi, panali nthumwi 18 za boma, ndi alendo oposa 20 ocokera ku Britain, Geneva, Switzerland, Bremen, Hesse, Palatinate ndi kwina. Mipando ya nthumwi za ku France inakhala yopanda anthu, popeza mfumu Louis XIII inawaletsa kubwera. Zonse zinakambidwa m'ciLatini. Odandaula 13, mtsogoleri wao Simon Episcopius, wophunzira wa Arminius, anafika pa 6 December, osati monga ziwalo za msonkhano koma monga oitanidwa kudzayankha mlandu. Anawakhazika pa gome lalitali pakati pa cipinda, oweruza ao atawazinga.

Episcopius ananena cimene munthu ali yense wozolowera bwalo la milandu akadanena: kuti amene alikuweruza ndiwo omwe alikuimba mlandu. Pa ici sanalakwe. Koma iye ndi anzace anacitanso zocedwetsa dala. Anafuna kuyamba ndi nkhani ya otayika, podziwa kuti pamenepo mpamene ciphunzitso ca adani ao cioneka coopsa, ndipo anakana kuyankha mafunso mwa dongosolo limene msonkhano unaika. Masabata oposa 5 anatha alikukangana za kakambidwe ka mlandu, mlandu weniweniwo osaukhudza. Pa 14 January 1619 wapampando, Johannes Bogerman, analephera kupirira. Anawadzudzula kuti anayamba ndi mabodza natsiriza ndi mabodza, nawapfuulira kuti atuluke. Ngakhale ena mwa alendo amene anabvomerezana naye pa ciphunzitso anacita manyazi ndi ukali wace. Kuyambira tsikulo Odandaula anaweruzidwa pa zolemba zao, eni ace palibe, ngakhale sanaloledwe kucoka mumzindamo.

Atatuluka iwo, kunaoneka kuti otsalawo sanali a mtima umodzi. Matthias Martinius wa ku Bremen ndi ena a ku England anaumirira kuti imfa ya Kristu ikhudza anthu onse mwa njira yina, ndipo mlendo wina wa ku Britain analemba m'kalata kuti tsiku lina Gomarus anapsa mtima naponya pansi cobvala ca m'manja pamaso pa Martinius, monga acitira amuna oitanirana ndeu. Cigamulo cimene anasaina mu April, naciwerenga poyera pa 6 May, cinakana mitu yonse 5 ya Odandaula, koma cinalembedwa mosamala koposa umo adani ace acinenera. Sicinatsate Gomarus pa ganizo lace louma lakuti Mulungu anasankha ndi kutaya anthu asanawayang'ane monga ocimwa. Cinati anasankha ena mwa mtundu wa anthu wogwa kale, nasiya enawo m'kugwa kwao. Cinati Uthenga Wabwino ulalikidwe kwa anthu onse mosasankha, ndi kuti wokana ali ndi mlandu wa iye mwini. Cinati cisomo sicigwira munthu monga agwira cipika ca mtengo, koma ciciritsa cifuniro cace kuti afune yekha cimene kale anacida. Ndipo makolo okhulupirira amene mwana wao wamwalira ali khanda cinawauza kuti asakayike za cipulumutso cace. M'zaka zija, pamene manda a ana anali ambiri, mau amenewa analemera koposa ena onse. Koma funso lakuti munthu angakhale bwanji ndi mlandu pa cinthu cimene sakadatha kucipewa, cigamuloco sicinaliyankhe kwenikweni. Cinangoimika zinthu ziwirizo pamodzi, nicicenjeza kuti zakuya za Mulungu zisafufuzidwe mwacidwi.

Nthawi yonseyi nkhalamba ija inali m'cipinda cotsekedwa ku The Hague, yosaloledwa kukhala ndi woiimira pa mlandu. Bwalo limene linaiweruza linapangidwira mlandu womwewo, ndipo ena mwa oweruza anali adani ace odziwika. Maurice anayembekeza kuti banja lipempha cikhululukiro, koma iwo anakana, pakuti kupempha kukadatanthauza kubvomera kulakwa. Usiku wotsiriza anamtumizira mbusa Antonius Walaeus, mmodzi wa iwo amene anakhala mumsonkhano wa ku Dordrecht. Pokambirana, mbusayo anadabwa kupeza kuti cikhulupiriro ca nkhalambayo pa nkhani ya kusankhiratu, cimene inaphunzira ku Heidelberg ikali mnyamata, sicinali kutali ndi ca msonkhano. Oldenbarnevelt sanafere ciphunzitso ca Arminius. Anafera ganizo lakuti anthu osiyana pa ciphunzitsoco angakhale mumpingo umodzi, ndi kuti boma ndilo liyenera kuwakakamiza kutero. Mbali yoyamba ya ganizolo inali yacifundo. Yaciwiri ndiyo inaitana asilikari, ndipo asilikari anali a Maurice.

Abusa pafupifupi 200 anacotsedwa nchito. Amene analola kusaina kuti sadzalalikiranso analoledwa kukhala m'dziko, okana anapitikitsidwa. Mwa aja anaitanidwa ku Dordrecht mmodzi yekha ndiye anasaina. Otsalawo anawakweza pa ngolo nawatulutsa kumalire, ndipo anakakhazikitsa mpingo wao caka comweco ku Antwerp, mzinda wolamulidwa ndi Spain, mdani wakale uja. Grotius anaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wace wonse m'linga la Loevestein. Analoledwa kulandira mabuku m'bokosi lalikulu, ndipo alonda atatopa ndi kulisanthula bokosilo, mkazi wace Maria van Reigersberch anamlowetsa momwemo pa 22 March 1621. Asilikari analinyamula okha kutuluka nalo m'lingamo. Anafika ku Paris, kumene mu 1625 anatulutsa buku lace la malamulo a nkhondo ndi mtendere, limene likali kuwerengedwa ndi ophunzira malamulo a pakati pa maiko. Ana awiri a Oldenbarnevelt anapangana ciwembu ca kupha Maurice mu 1623. Cinaululika, wina nathawa, wina nagwidwa. Amai wao anapita kukampemphera cifundo, ndipo zimanenedwa kuti Maurice atafunsa cifukwa cace apemphera mwana pamene sanapemphere mwamuna, iwo anayankha kuti mwamuna wao analibe mlandu, koma mwanayo ali nao. Mwanayo anadulidwa mutu.

Maurice anamwalira mu 1625, ndipo mphwace Frederick Henry anatsinzina pamene Odandaula anayamba kubwerera. Mu 1630 anamanga chalichi ku Amsterdam cobisika kuseri kwa nyumba zina, ndipo mu 1634 anatsegula sukulu ya abusa, mphunzitsi wace woyamba Episcopius yemwe uja. Anakhala kagulu kakang'ono, ndipo ali ocepa kufikira lero.

Cigamulo ca ku Dordrecht cinayenda ulendo wautali pa zombo za kampani ya malonda a kum'mawa imene Oldenbarnevelt mwini wace anathandiza kukhazikitsa mu 1602. Cinafika ku Cape pamodzi ndi Adachi a Jan van Riebeeck mu 1652, nicikhala cimodzi ca zibvomerezo zitatu za mpingo wa Dutch Reformed. Amishoni a mpingo umenewo anafika ku Mvera, m'dziko la Malawi, mu 1889, ndipo pa 5 July 1899, caka cimodzi itatha nkhondo ya Angoni a Mpezeni, anayamba nchito ku Magwero, pafupi ndi Fort Jameson, mzinda umene lero uchedwa Chipata. Mpingo wa Reformed Church in Zambia, umene unamera pamenepo, usunga cigamuloco pakati pa zibvomerezo zace. Maganizo a Arminius anadzera njira yina. John Wesley wa ku England anawalandira, nachula nyuzi yace ya mu 1778 dzina la Arminius. A Methodist otsata ciphunzitso cace anafika kwa Aila mu 1893, ndipo ena anamanga Chipembi nkhondo ya 1914 isanayambe. Pa 16 January 1965, ku Mindolo pafupi ndi Kitwe, a Methodist analowa mumpingo umodzi ndi Akristu a mishoni za Scotland, za London ndi za Paris, zimene mizu yace yambiri inali kwa Calvin, ndipo mpingowo unachedwa United Church of Zambia.